Thupi Losamba ndi Mtima Woyera: Ukhondo ndi Mayeso m'Sukulu za Atsamunda ku Angónia

Phunziro la ukhondo linalowa m'sukulu za atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo silinalowe lokha. Linadza pamodzi ndi mayeso, mndandanda wa okhoza ndi olephera, komanso chizolowezi choyerekeza sukulu ina ndi inzake. Ku Lagos, bwanamkubwa William MacGregor, yemwe anali dokotala, analimbikira kuti aphunzitsi ndi ana a sukulu adziwe za malungo ndi kasamalidwe ka madzi. Ku Hong Kong, kumene mliri wa makoswe unapha anthu oposa 2,000 mu 1894, ukhondo unasanduka phunziro lokakamiza pa nthawi ya bwanamkubwa Matthew Nathan, ndipo sukulu zinkalimbirana mphoto pa mayeso ake. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo pakati pawo pali James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera sukulu za ku Nyasaland, Mozambique ndi maiko ena, n'kuika thanzi patsogolo pa zimene sukulu ya kumudzi iyenera kuphunzitsa. Kuseri kwa ndondomeko zonsezi kunali funso limene ndi la chipembedzo kuposa la chipatala: kodi kuyera kwa thupi kumanena kanthu za kuyera kwa munthu mwiniyo, ndipo kodi pepala la mayeso lingathe kuyeza chimenecho? Kumapiri a Angónia, m'chigawo cha Tete, funsoli limaoneka poyera chifukwa kumeneko sukulu ndi tchalitchi zinali nyumba imodzi.

Angónia ndi dziko lokwera ndi lozizira, la chimanga, nyemba, mbatatesi ndi ng'ombe, ndipo phiri lake la Domwe limapitirira mamita 2,000. Dzina la Angónia linachokera kwa Angoni a kwa Maseko amene anakhazikika pa Domwe m'zaka za m'ma 1800 pakati pa Achewa omwe anawapeza. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula malire pamwamba pa zitunda, mbumba imodzi n'kupezeka mbali ziwiri, ena ku Dedza ndi Ntcheu, ena ku Angónia. Pofika 1909 ansembe a chipani cha Ajezuiti anali atatsegula mishoni ya Francisco Xavier Woyera ku Lifidzi, ndipo amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Nyasaland anali atayamba ntchito ku Mphatso. Onsewa sanakhalitse. Ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, boma latsopano linapirikitsa Ajezuiti, ndipo ansembe achijeremani amene analowa m'malo mwawo anachotsedwanso pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mamishoni a Adatchi anatsekedwa mu 1922, ndipo Akhristu awo ankaoloka malire kukabatizitsa ana ndi kukadya mgonero ku mipingo ya tsidya la Nyasaland. Ajezuiti anabwerera ku Lifidzi mu 1941, ndipo mu 1945 anatsegula mishoni ya Fonte Boa.

Kubwerera kwawoko kunadza ndi malamulo atsopano. Kuyambira 1930 maphunziro a ku Mozambique anali atagawidwa pawiri: sukulu za ana a azungu ndi ena owerengedwa ngati otsungula, ndi sukulu zoyambira za ana a mbadwa, zotchedwa ensino rudimentar. Pangano la boma la Portugal la Salazar ndi Vatican la mu 1940, komanso lamulo la mamishoni la mu 1941, zinapereka maphunziro onse a mbadwa m'manja mwa mamishoni a Katolika. Lamulolo silinabise cholinga chake. Linafuna kuti mwana wakuda akhale Mpwitikizi mumtima, akhale ndi khalidwe, azolowere ntchito, asiye chimene atsamunda ankachitcha ulesi, ndipo adzakhale mlimi kapena mmisiri. Linanenanso za chiyankhulo: m'kalasi muziyankhulidwa Chipwitikizi, ndipo chiyankhulo cha anthu chiloledwe pophunzitsa za chipembedzo basi. Mwa lamulo, mwana wa ku Lifidzi akanatha kumva za Utatu Woyera m'Chinyanja, koma za ntchentche ndi kamwazi anayenera kuzimva m'chiyankhulo chimene amayi ake sankachidziwa.

Sukulu ya kumudzi inali kanyumba ka zidina kapena ka mitengo ndi dothi, kofolera ndi udzu, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Mphunzitsi anali yemweyonso wophunzitsa katekisimu. Mbali zonse ziwiri za malire, tsiku linkayamba ndi pemphero ndi mzere. Ana ankatambasula manja, mphunzitsi n'kuyang'ana zikhadabo, mano, makutu, khosi, mutu ngati muli nsabwe kapena chipere, pakati pa zala ngati pali mphere, ndi mapazi ngati muli matekenya. Wopezeka ndi litsiro ankabwezedwa kudambo kukasamba, kapena kulandira chikwapu, ndipo m'sukulu za Apwitikizi munalinso mbalamatodya, kamtengo kobooka-booka komenyera m'manja komwe asipayi ankamenyeranso akuluakulu kuboma. Aliyense wodziwa chisanu cha June ndi July ku Tsangano kapena ku Domwe angamvetse chimene kusamba kumtsinje mmamawa kunkatanthauza kwa mwana wa malaya amodzi ndi wopanda nsapato.

Zimene ankaphunzitsazo zinali zoona, ndipo mbiri yachilungamo singazikane. Chimbudzi chokhala ndi chivindikiro chimachepetsa njoka zam'mimba ndi matenda otsegula m'mimba. Madzi owiritsa amapulumutsa makanda. Udzudzu ndiwo umafalitsa malungo, ntchentche imatenga zoipa kuthengo n'kudzatera pa nsima, katemera amaletsa nthomba. M'midzi momwe mayi ankatha kuika m'manda ana angapo asanayambe n'kuyenda komwe, nzeru zoterezi zinali chifundo chenicheni, ndipo masisitere ndi anamwino a m'zipatala za mishoni amene ankatsuka zilonda ndi kuchiritsa amayi anachita ntchito imene boma la atsamunda linkaizemba.

Chimene sichinkanenedwa m'kalasi n'chakuti nzeruzi zinali zatsopano kwa azungu omwe. Mu 1847 Ignaz Semmelweis atauza madokotala anzake ku Vienna kuti azisamba m'manja asanagwire amayi oyembekezera, ambiri anamunyoza. Robert Koch anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo Ronald Ross anaonetsa za udzudzu ndi malungo mu 1897, patangotsala zaka 12 kuti Lifidzi ndi Mphatso zikhale zitatsegulidwa. Mzinda wa Porto unagwidwa ndi mliri wa makoswe mu 1899. Mu 1950 anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse ku Portugal sankadziwa kuwerenga, ndipo mu 1960 ana 77 mwa 1,000 obadwa kumeneko ankamwalira asanathe chaka. Matekenya, amene mwana wa ku Angónia ankakwapulidwa nawo ngati umboni wa uve wa kwawo, si a kuno: anachokera ku Brazil pa sitima ya pamadzi, anatsikira pagombe la Angola m'zaka za m'ma 1870, ndipo anafalikira m'njira za malonda ndi za amtengatenga. Nthawi zina nzeru inkayenda kuchokera mbali inayo. David Livingstone, amene anafika ku Tete mu 1856, analemba zimene anthu a m'chigwa cha Zambezi ankazidziwa kale, zoti kulumidwa ndi nkhufi kumadwalitsa malungo obwerezabwereza. Madokotala a ku Ulaya anadzatsimikiza zimenezi patapita zaka pafupifupi 50.

Achewa ndi Angoni anali nalo kale dongosolo lawo la kuyera ndi kudetsedwa. Mbali ina inali ya tsiku ndi tsiku: kusesa pabwalo kusanache, kuzira m'nyumba, kukwecha miphika ndi mchenga ndi phulusa, kusamba m'manja nsima isanabwere, kutsuka mano ndi kamtengo, kumangira wodwala nthomba msasa kunja kwa mudzi. Mbali ina inali ya mwambo. Mayi wongobereka ankakhala m'chikuta, osatuluka ndi khanda mpaka mchombo utagwa. Mkazi ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Adzukulu ankasamba akachoka kumanda. Makolo ankasala mpaka tsiku lotenga mwana, poopa mdulo. M'dongosolo limeneli munthu ankatha kukhala wosamba bwino koma wotentha ndi woopsa kwa khanda, chifukwa chodetsa munthu chinali kuswa pangano la banja ndi la mudzi. Mary Douglas, amene anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Lele ku Kasai, anafotokoza m'buku lake la Purity and Danger la 1966 kuti anthu onse amatcha chinthu litsiro chikakhala pamalo posayenera, ndipo amene amanena malo oyenerawo ndi mwambo wawo. Mmishoni akaona wovina gule wamkulu wadzola matope ndi phulusa ankaona uve ndi chikunja, pamene iye mwini ankapaka Akhristu phulusa pamphumi poyamba nyengo ya Lenti, kuwaza madzi odalitsa pakhomo la tchalitchi, ndi kudalitsa mayi wobwera kutchalitchi koyamba atabereka. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti pali kusamba kwina kumene sikulimbana ndi tizilombo.

Sikuti mwambo wonse unali wabwino. Kupaka mwaye kapena ndowe pamchombo kumaitana kafumbata. Beseni limodzi losambira m'manja, kuyambira agogo kufikira kamdzukulu, limasiyira wamng'ono zoipa za onse. Mwana wotupa miyendo ndi nkhope chifukwa cha kuperewera kwa zakudya ankamuti wadulidwa, ndipo mlandu unkagwera bambo kapena mayi wosalakwa pamene mwanayo ankafunika nsinjiro ndi mazira. Zinthu izi zinkafunika kukonzedwa. Koma munthu amakonza mwambo wake akamva chifukwa, ndipo amamva chifukwa akamayankhulidwa ngati munthu wanzeru m'chiyankhulo chake. Sukulu inasankha njira ina: inauza mwana kuti kwawo kulibe chabwino, n'kumupatsa mayankho oti aloweze.

Kulowezako kunali kwa mayeso. Mwana ankakhala zaka zitatu kapena kuposerapo m'sukulu yoyambira, makamaka akulimbana ndi Chipwitikizi. Akakhoza mayeso otulukira, ankafunika kupeza malo kumishoni, chifukwa makalasi apamwamba sankapezeka kumudzi. Kenako kunali mayeso a kalasi yachinayi, olemba ndi apakamwa pamaso pa oyesa, ndiyeno mayeso olowera kusekondale, yomwe inali kutali m'mizinda ngati Beira ndi Lourenço Marques, inkalipiritsa, ndipo inali ndi malire a zaka zakubadwa amene mwana wa kumudzi, woyamba sukulu atatha kuweta ng'ombe, ankakhala atawaposa kale. Eduardo Mondlane anafotokoza makwerero amenewa m'buku lake la The Struggle for Mozambique la 1969. Mayesowa anali ngati sefa ya maso aang'ono, ndipo woluka sefayo ankadziwa kuti ochuluka atsalira pamwamba. Ana a sukulu zosiyanasiyana akakumana kumishoni pa tsiku la mayeso, sanali iwo okha oyesedwa. Mbiri ya mphunzitsi, ntchito yake ndi dzina la mudzi zinkadalira chiwerengero cha okhoza, motero mphunzitsi wanzeru ankasankha ochepa oti awaphike bwino, ena onse n'kumalima munda wa sukulu.

Nanga mayesowo ankayeza chiyani? Mwana wotha kulakatula m'Chipwitikizi malamulo a kasamalidwe ka thupi ankakhoza, ngakhale kwawo kulibe chimbudzi. Mwana amene amayi ake ankawiritsa madzi koma lilime lake linkapunthwa pa mawu achilendo ankalephera. Ngakhale kuyendera kwa mmamawa kuja kunkayeza chuma cha makolo kuposa khalidwe la mwana. Sopo ndi malaya achiwiri zinkafuna ndalama, ndipo ndalama yoyamba inkapita ku msonkho. Amuna ambiri a ku Angónia ankatengedwa kukagwira chibalo, ena ku minda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi, ena ankathawira ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Mwana amene bambo ake anabwerako ndi sutikesi ankaima pamzere ali mbee, pamene mwana wa mayi wamasiye ankaima ndi chigamba. Boma limene linachotsa abambo m'mudzi ndilo linkadabwa kuti zimbudzi sizikukumbidwa.

Kumapeto kwa makwerero kunali dzina la assimilado, munthu wakuda wovomerezedwa kukhala nzika ya Portugal. Lamulo la ku Mozambique la 1917 linkafuna kuti munthuyo asiyiretu miyambo ya mtundu wake, aziyankhula, kuwerenga ndi kulemba Chipwitikizi, akhale ndi mkazi mmodzi, ndipo akhale ndi ntchito yomudyetsa monga mzungu. Mtolankhani João Albasini ndi anzake ku Lourenço Marques analikana lamuloli poyera, poona kuti mzungu wosadziwa kulemba dzina lake sankafunsidwa chilichonse mwa izi. Lamulo la 1954 linasunga mfundo yomweyo m'mawu ofewerapo. M'zochitika, akuluakulu a boma ankayang'ana kavalidwe, kadyedwe ndi kakhalidwe ka m'nyumba: ngati munthu akudyera patebulo, akugona pabedi, akuvala nsapato. Wopambana ankapulumuka ku chibalo ndi ku chitupa cha mbadwa. Pa kalembera wa 1950, anthu otere sanakwane 5,000 m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni. Apa ndi pamene ukhondo unasiya kukhala njira yotetezera moyo n'kusanduka muyeso wa amene ali munthu wathunthu pamaso pa lamulo.

Chikhristu chimene chinkaphunzitsidwa m'nyumba yomweyo chili ndi mawu akeake pa nkhaniyi, ndipo sagwirizana ndi muyesowo. Baibulo silinyoza thupi. Buku la Deuteronomo limalamula asilikali kukumba dzenje kunja kwa msasa ndi kukwirira zoipa zawo, Levitiko amapatula wodwala nthenda ya khungu, ndipo Paulo amatcha thupi kachisi wa Mzimu Woyera. Koma pa Marko 7, Afarisi atadzudzula ophunzira chifukwa chodya osasamba m'manja monga mwa mwambo, Yesu anayankha kuti chodetsa munthu ndi chotuluka mumtima mwake: dyera, chinyengo, kudzikuza, kupha. Pa Mateyu 23 anadzudzula otsuka kunja kwa chikho m'kati muli zolanda. Anakhudza wakhate ndi dzanja lake. Petro analetsedwa m'masomphenya kutcha chonyansa chimene Mulungu wachiyeretsa, ndipo tanthauzo lake linali anthu a mitundu ina. Yakobo anadzudzula mpingo wopatsa mpando wabwino munthu wa zovala zonyezimira, wa nsanza n'kumuimika kumbuyo. Chiphunzitso chofala chija choti ukhondo ndi mnansi wa kuopa Mulungu sichichokera m'Baibulo. Chinatchuka ndi ulaliki wa John Wesley m'zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pake ogulitsa sopo anachikonda. Kampani ya Pears inkajambula mwana wakuda akusanduka woyera m'beseni, ndipo Timothy Burke, m'buku la Lifebuoy Men, Lux Women la 1996, anaonetsa momwe malonda, mishoni ndi boma zinagwirira limodzi ntchito yophunzitsa anthu a ku Zimbabwe kuona matupi awo ngati auve.

Choopsa pa mwana wa ku Angónia chinali chakuti kusamba kutatu kunalukana m'maganizo mwake: madzi a ubatizo, sopo wa kusitolo ndi chikalata cha boma. Zonse zitatu zinkaperekedwa ndi anthu amodzimodzi, atatha mayeso, pamodzi ndi dzina latsopano. Kunali kosavuta kuganiza kuti Mulungu amaona monga woyesa amaonera, ndipo agogo ofunda chikopa kapena nsalu imodzi, onunkhira utsi wa m'khitchini, ali kutali ndi chisomo. Ubatizo ndi mphatso yaulere, ndipo mpingo umadziwa kuti wosamba ndi wosasamba amalandira ofanana. Pamene mwana anayamba kuchita manyazi ndi amayi ake pofuna kukhala Mkhristu wabwino, lamulo lolemekeza atate ndi amayi linaswedwa m'dzina la ukhondo. Malo a ukhondo m'chikhulupiriro ndi ena. Munthu amakumba chimbudzi ndi kusamba m'manja chifukwa chokonda mnansi amene adzamwa madzi a kumunsi kwa mtsinje, ndipo chitsanzo chake ndi Yesu wogwada kusambitsa mapazi a ophunzira, amene sanawaike pamzere kuti aone wa mapazi oyera kuposa anzake.

Nkhani ya mpikisano nayo ndi yakale kuposa utsamunda, ndipo Ajezuiti ndiwo akatswiri ake. Buku lawo la malamulo a maphunziro, Ratio Studiorum la 1599, linkalimbikitsa kuti mwana aliyense akhale ndi wopikisana naye, kalasi igawidwe m'magulu awiri olimbana pa mafunso, ndipo mphoto ziperekedwe pamaso pa anthu. Maganizo awo anali akuti kufuna ulemu ndi mphamvu imene Mulungu anaika mwa mwana, ndipo n'kwabwino kumukoka ndi ulemu kusiyana ndi kumukankha ndi ndodo. Otsutsa analipo. Aphunzitsi a sukulu za ku Port-Royal ku France ankaopa kuti mpikisano umadyetsa kunyada ndi kaduka, ngakhale Blaise Pascal, mnzawo, anaona kuti ana osapatsidwa cholimbirana amagwa ulesi. Rousseau, m'buku la Émile la 1762, anafuna kuti mwana azipikisana ndi iye mwini wa chaka chatha. Malemba nawo amanena mbali ziwiri. Paulo amauza Akorinto kuti athamange ngati ofuna mphoto, koma m'kalata yomweyo amati diso silinganene kwa dzanja kuti silikulifuna. Ophunzira atakangana panjira za wamkulu pakati pawo, Yesu anaimika kamwana pakati.

Tsidya la Nyasaland mpikisanowu unali wa ndalama ndi wa midzi. Kuyambira 1907 boma linkapereka mapaundi 1,000 pachaka oti mamishoni onse agawane, ndipo dipatimenti ya maphunziro itakhazikitsidwa mu 1926 thandizo linkatsata malipoti a oyendera sukulu. Adatchi ndi Akatolika ankathamangitsana kupempha malo a sukulu kwa mafumu. Sukulu ya Jeanes ku Domasi inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera pamodzi ndi akazi awo, kuti nyumba yawo ikhale chitsanzo cha chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale. Makalasi oyamba kumeneko anali m'Chinyanja, Chingerezi chinkagula ntchito yabwino ku Harare ndi ku Joni, ndipo mu 1951 boma linatsegula sekondale ku Dedza, pafupi ndi malire. N'chifukwa chake mabanja ena a ku Angónia ankatumiza ana kwa amalume awo tsidya lina. Koma sefa inali komweko, ndipo mayeso a Sitandade 6 ankasiya ochuluka kunja.

Mudzi wa Chichewa ndi wa Chingoni sunali wachilendo ku mpikisano. Midzi inkayesana pa ngoma ndi pa chimtali, ana ankaphana ndagi madzulo, ndipo pa dima anyamata ankathamangitsana kuti aone wotsiriza mzere wake msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti wogonja pa gule ankagona m'mudzi momwemo ali ndi ulemu wake, ndipo wofulumira pa dima ankabwerera kudzalandira mnzake wotsalira, popeza munda ndi umodzi. Mpikisano wa sukulu unkachotsa wopambana m'mudzi, n'kusiya olephera ndi dzina loti mbuli. Ndipo pa maphunziro onse, ukhondo ndi umene sungapirire kusandutsidwa mphoto ya munthu mmodzi. Masamu angathe kukhala m'mutu wa mwana mmodzi n'kumupindulira. Thanzi la mudzi silitero. Mwana wokhoza mayeso a ukhondo amamwa pachitsime chimodzi ndi wolephera, ndipo ntchentche yochokera kukhomo lopanda chimbudzi sifunsa za satifiketi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya kolera ndi kamwazi mwambiwu ndi sayansi yeniyeni. Phunziro limene linkafunika kufika kwa onse linaikidwa m'makina opangidwira kusankha ochepa.

Mwa otsalirawo, ambiri anali atsikana. Iwo ndi amene ankatunga madzi, kuphika, kusambitsa makanda ndi kudwazika matenda, koma ankachoka msanga pasukulu, ndipo ofika kumishoni ankaphunzira kwambiri kusoka, kuchapa ndi kusita. Aphunzitsi enieni a za thupi m'mudzi, anamkungwi ndi azamba, ankaonedwa ngati adani a mishoni osati anthu ofunika kuwakopa.

M'mpingo momwemo munali ena amene anaona vutoli. Sebastião Soares de Resende, episkopi wa Beira kuyambira 1943 mpaka 1967, yemwe Angónia inali m'dera lake kufikira dayosizi ya Tete itakhazikitsidwa mu 1962, anadzudzula ntchito yokakamiza ndipo anapempha maphunziro apamwamba a anthu akuda. Ansembe a White Fathers, amene ankayendetsa seminale ya ku Zóbuè, anachoka m'dziko mu 1971 pokana kuti mpingo ukhale chophimba cha utsamunda. João de Deus Kamtedza, mwana wa kumapiri komweko ndi mmodzi mwa Ajezuiti oyamba a ku Mozambique, anakwera makwerero onse aja n'kubwerera kudzatumikira anthu ake m'chiyankhulo chawo, mpaka anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi pa 30 October 1985, pamodzi ndi wansembe mnzake Sílvio Moreira.

Lamulo losiyanitsa mbadwa ndi nzika linathetsedwa mu 1961, ndipo mu 1964 maphunziro a pulayimale anasinthidwa kuti pa pepala akhale amodzi. Zinachedwa: pa tsiku la ufulu, 25 June 1975, anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuwerenga. Patatha mwezi umodzi boma la Frelimo linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. Linayambitsa ntchito yokumba zimbudzi m'dziko lonse ndi katemera amene anafika kwa anthu ochuluka kwambiri pakati pa 1976 ndi 1979, ndipo uku kunali kuvomereza kuti thanzi ndi la onse. Komabe linasunga Chipwitikizi chokha m'kalasi, ndipo linatcha chinamwali, gule ndi chipembedzo zinthu za mumdima zoyenera kusesedwa kuti pabadwe munthu watsopano, motero kholo la kumudzi linaonekanso ngati chinthu chofunika kutsukidwa. Nkhondo ya pachiweniweni inagwetsa sukulu zambiri za ku Angónia, ndipo ana ake ambiri anakaphunzirira ku Dedza ndi Ntcheu ngati othawa kwawo kufikira mtendere wa 1992. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo mu 2003 ndondomekoyi inalowa m'sukulu zina za m'zigawo zosiyanasiyana. M'sukulu zoterozo mwana amayamba kuwerenga ndi kumva za madzi, chakudya ndi matenda m'chiyankhulo chimene angakafotokozere agogo ake madzulo, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Mayeso a kusekondale ndi olowera kuyunivesite akadali m'Chipwitikizi.